Ndalama ya Nkhondo Imene Ndinasita

Nkhani iyi sindinaikambepo yonse kwa munthu aliyense. Mwana wanga akudziwa mbali ina, mwamuna wake akudziwa mbali inanso, koma kumene inayambira onse awiri sanafikeko. Ndikuilemba chifukwa pakamwa pamandilemera. Kulembako ndinakuphunzira mochedwa, ku sukulu ya kwacha, ndili kale ndi banja, ndiye cholembera ndimayenda nacho pang'onopang'ono.

Ndinabwera ku Perth mkazi wanga atamwalira. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, anakana zoti ndizikhala ndekha ku Zomba maso akuchita chifunga, shuga akukwera. Nyumba ya lendi ndinaibweza kwa eni ake, mipando ndinagawa. Kumudzi ndinachokako ndili mnyamata, ndipo amene ankandidziwa kumeneko ali kumanda. Kumbuyo kwanga kunalibe khomo loti ndingabwerereko.

Kwathu mkamwini ndiye amabwera kudzakhala pakhomo pa apongozi ake, ndi kumayenda modzichepetsa. Ine zinanditembenukira. Ndimakhala m'nyumba ya mkamwini m'dera la Bentley, ndimadya chakudya chake, ndipo mapepala ondilola kukhala m'dziko muno amadalira dzanja lake. Nthawi imene izi zinkachitika mapepalawo anali pafupi kutha. Kuti apemphe ena okhalitsa pankafunika kuti iye alonjeze ku boma kuti azindisamala. Anali asanakane, koma analinso asanavomere ine ndikumva. Nkhani zotere ine ndi iye sitikambirana. Ndi mwana wa ku Dedza woleredwa bwino. Akandipeza pakhonde amandipatsa moni ali chapatali, maso pansi. Akafuna kundiuza kanthu amauza mkazi wake, ine ndili pomwepo, mkaziyo ndiye n'kundibwerezera. Kuchipinda kwawo sindinapondeko. Ulemu wotere ndi wabwino, koma umachititsa kuti usadziwe zimene munthu akuganiza za iwe.

Ntchito yake ndi yoyeza miyala ku migodi ya kumpoto. Amapita pa ndege, amakhalako masabata angapo, n'kubwera kudzapuma. Akabwera, mtima wake umakhala pa ndalama zakale. Sindikunena ndalama zogulira kanthu ayi, koma mapepala amene anatha ntchito kalekale, makamaka amene maboma a atsamunda ankasindikiza pa nthawi ya nkhondo kuti alipire asilikali. Amawasunga m'mabuku okhala ndi timatumba ta pulasitiki, ndipo amawagwira ndi kachitsulo kopanira, osati ndi zala. Loweruka lina pamwezi amakakumana ndi anzake osonkhanitsa zoterezi, ambiri mwa iwo azungu a imvi. Mabukuwo amakhala kuchipinda kwawo, ndiye ine ndinali ndisanaonepo m'kati mwake.

Mwana wanga zinthuzi sazikonda. Tsiku lina ndinamumva akunena ali kukhitchini:

"Anzanu amapita kumgodi kukafuna ndalama zamoyo. Inu mukazipeza mumakasinthanitsa ndi zakufa."

"Zakufazi sizithawa," anayankha mwamuna wake. "Zamoyo zija zikalowa m'chikwama chanu, ndani anazionanso?"

Anaseka onse, koma kuseka kwa mwana wanga kunatha msanga.

Ine ntchito yanga moyo wonse inali ya udobi. Ndinayamba kuchapa ndi kusita m'nyumba za azungu ku Zomba, kenako kwa amwenye, kenako kwa mabwana akuda amene analowa m'nyumba zomwezo. Amene anandiphunzitsa anali dobi wokalamba wa ku Mangochi. Lamulo lake loyamba silinali la sopo kapena la sitachi, linali la m'matumba. Ukapeza ndalama m'thumba la buluku la bwana, ngakhale itanyowa, itafinyika ngati chisa cha mbewa, usaibweze choncho. Uiwongole, uisite mpaka ithe makwinya, uiike pamwamba pa malaya opindidwa kuti mwini wake aione asanaone china chilichonse. Ndalama yosita imanena yokha kuti dzanja limene inadutsamo ndi loyera. Ndinachita zimenezo zaka zonse, ndipo palibe bwana amene anandichotsa ntchito.

Kuno ku Perth kusita ndi chinthu chokhacho chimene ndimathandiza nacho pakhomo. Ndimasita zofunda, nsalu zopukutira mbale, mayunifolomu a mwana wanga, ngakhale malaya a kumgodi aja owala ngati lalanje. Mkamwini anauzapo mkazi wake kuti anzake kumgodi amamufunsa ngati akupita ku ukwati. Ndinakondwera nazo. Ndinkaganiza kuti munthu amene amakusitira malaya sungamutumize kwawo mophweka.

M'mawa wa tsiku limene izi zinachitika, mwana wanga akunyamuka kupita ku shifiti anati:

"Ababa, bambo a kuno aimba foni kuchokera kumgodi. Akuti kukubwera envulopu ya zinthu zawo zija. Mukaiona muiike pouma, musaipinde."

"Ndamva, mwananga."

Inali nyengo yotentha. Nyengo imeneyo timipope tothirira kapinga timatseguka tokha m'mamawa. Kamodzi kanali katapindika khosi, n'kumalavulira madzi pa kabokosi ka makalata. Nditapita kukaona, ndinapeza kuti envulopuyo inafika dzulo lake, inagona momwemo, ndipo mbali imodzi inali itanyowa chonyoweratu. Ndinaima nayo pakhomo nthawi yaitali. Kutsegula kalata ya mpongozi ndi chinthu chimene sindinachitepo. Ndinayesa kuimbira mwana wanga, koma kuntchito kwawo mafoni amasiya m'kabati. Madzi ankapitirira kulowa m'pepala ndikuona. Ndinatenga mpeni ndi kung'amba m'mphepete.

M'kati munali timakatoni tiwiri, ndipo pakati pake panali kapepala kosakwana chikhatho. Kanali kofiirira ngati pepala lokulungira katundu m'sitolo ya mmwenye. Zilembo zake zinali zokhota, zina zokwera zina zotsika. Pakona panali chidindo cha chiwombankhanga, inki yake ngati jivi amene tinkapaka pa zilonda. Mawu ake sindinawamve kupatula limodzi, rupiya, lolembedwa m'kalembedwe ka eni ake. Koma ndisanawerenge ndinali nditakadziwa kale kapepalako. Ndinakhala pampando.

Agogo anga aamuna, abambo a mayi anga, anagwidwa mtengatenga pa nkhondo yoyamba ya azungu. Ankasenza katundu wa Angerezi. Kumpoto uko Ajeremani anawagwira, n'kuwasenzetsa katundu wawo miyezi yambiri m'tchire, ndipo anawalipira ndi timapepala totere. Anabwera nato kumudzi m'kachitini ka tiyi. Palibe sitolo imene inatilandira. Iwo ankati eni ake adzabwera tsiku lina kudzatiwombola, chifukwa mzungu saiwala chidindo chake. Anthu ankaseka, koma osati pamaso pawo, popeza mapewa awo anali ndi zipsera za katunduyo.

Ine ndinali nditangoyamba kusuta mobisa. Pepala pamudzi linali losowa, anzanga ankapichira fodya m'makoko a chimanga. Ndinatulukira kachitini kaja pa denga la nyumba ya agogo. Kuwerenga sindinkadziwa. Kwa ine anali mapepala ofewa, odulidwa kale pa muyeso wa ndudu. Ndinkatenga kamodzi, pakapita masiku kenanso. Agogo atatsegula anapeza totsala towerengeka. Mlandu unagwera mlongo wanga wamkulu, chifukwa ndi iye amene ankasesa m'nyumbamo ndi kuwaphikira. Analira, analumbira, koma agogo anati kuyambira lero chakudya cha m'manja mwake sadzadyanso, ndipo sanadyedi mpaka imfa yawo. Pamudzi dzina la kuba linamukakamira. Ine ndinali pomwepo tsiku la mlanduwo, nditakhala pa mtondo wogona, ndipo ndinangoyang'ana pansi. Mlongo wangayo anamwalira zaka zapitazo. Ndinapita ku maliro ake, ndinagula bokosi.

Ndiye kapepala kaja kanali patebulo pa mkamwini, patsogolo panga, konyowa mbali imodzi. Ndinakaika pa nsalu youma ndi kukapsinja pang'ono. Madzi sanafike pa chidindo, anangogwira m'mphepete. Dzuwa la kuno silichedwa, posakhalitsa kanauma. Koma kanauma mokwinyika, mphepete itatukuka, ndipo pakati panali mizere yakale ya mopindidwa, inayi kapena isanu, yakuda ndi thukuta la anthu. Ndikanakasiya pomwepo, nkhani ikanathera apa.

Chimene chinandivuta n'chakuti mkamwini adzapeza chinthu chake chili chotere, chitadutsa m'manja mwanga. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti chikhale pouma, chisapindike. Nsimbi inali yotentha kale chifukwa ndinali pakati posita zofunda. Sindikumbuka kuti ndinaganiza zambiri. Manja anadziwa chochita. Ndinayala kapepalako pa bolodi, ndinakaphimba ndi mpango woyera, ndi kuikapo nsimbi.

Nsimbi ya makala imene ndinakula nayo imangotentha basi, madzi umawaza wekha ngati ukuwafuna. Ya kunoyi ili ndi madzi m'mimba mwake, ndipo imapuma nthunzi yokha ukapanda kutembenuza kabatani. Ndinaiwala kutembenuza. Ndinamva kuti fyuu pansi pa dzanja langa. Ndinachotsa msanga, koma nditavundukula mpango, chiwombankhanga chija chinali pa mpangowo. Pa kapepala panatsala banga lopanda mutu, lopanda mapiko. Zilembo zina zinafufuma. Mizere yakale ija inatha, pepala linawongoka, n'kumanyezimira, louma gwaa ngati tsamba la fodya.

Ndinazimitsa nsimbi. Ndinatenga mpango ndi kuunyika m'mankhwala oyeretsa, ndipo mbalame ija inapita ndi madzi a mu sinki ndikuona. Nditamaliza m'pamene ndinazindikira kuti chinthu choyamba chimene ndachita ndi kufafaniza umboni.

Mwana wanga anabwera dzuwa likupendeka. Anandipeza nditakhala kukhitchini, envulopu ndi kapepala zili patebulo, zofunda zili chiunjikire zosasita.

"Ababa, mwadwala?"

Ndinamulozera. Anawerama, anayang'ana, anayang'ananso bolodi losita limene linali chiimire.

"Mwasita?"

"Ndasita."

"Ndalama ya bambo a kuno mwaisita."

"Inakwinyika, mwananga."

Anagwira pakamwa. Ndinkayesa akulira, koma kunali kuseka kumene kunamutulukira asanakufune. Kenako kunatha, nkhope inagwa. Anakoka mpando.

"Ababa, kapepala aka akhala akukasaka chaka chonse. Tinakangana nako m'nyumba muno. Ine ndinkati tisunge za mapepala anu, iwo ankati mwayi wotere subwera kawiri. Ndinagonja ndine, kuti mtima wawo ukhale pamalo pofika nthawi yosaina."

"Ndiwauza ndekha."

"Muwauza bwanji? Inu ndi iwo munayamba mwakambiranapo chiyani, kupatula za mvula?"

Anatenga kapepalako ndi nsonga za zala, anakabwezera pakati pa timakatoni, n'kulowetsa mu envulopu yokwinyika ija.

"Envulopu inanyowa ndi madzi a pa kapinga. Zimenezo n'zoona, si choncho? Inu munaitsegula kuti iume. N'zoonanso. Basi, nkhani yathera pomwepo. Kampope kaja ndinawauza kalekale kuti akakonze."

"Nanga akafunsa?"

"Sangakufunseni. Amakuopani."

"Amandiopa ine?"

"Amakupatsani ulemu, ndiye chimodzimodzi. Ababa, chonde. Asaine kaye. Zinazo tidzaziona mtsogolo."

Masiku otsala kuti mkamwini abwere ndinawakhala ngati munthu woyenda ndi mwala mu nsapato. Nsimbi sindinaigwirenso, ndinanamizira dzanja. Ndinkatuluka kukayenda m'mphepete mwa msewu kumene kumadutsa ana a ku yunivesite ndi zikwama zawo, ndipo ndinkapezeka ndikuwerengera m'mutu kuti ku Zomba ndani angandisunge. Mnzanga wa kutchalitchi amene anali ndi chipinda chakuseri anamwalira. Mwana wa mlongo wanga ali ku Lilongwe, koma pakhomo pa ameneyo mapazi anga amalemera. Ndege ikadutsa m'mwamba ndinkaima. Chakudya chinkandikanika. Mwana wanga ankandiyeza shuga kawirikawiri, n'kumandiyang'ana ndi maso ondichenjeza.

Nthawi zina ndinkadzilimbitsa mtima. Madzi alibe mlongo, alibe dzina loti liipe. Kuwanamizira madzi si kunamizira munthu. Ndinafika pokhulupirira kuti mwana wanga wanena zanzeru.

Mkamwini anafika Lachisanu masana. Mwana wanga anakamutenga ku eyapoti. Mkamwiniyo anandipatsa moni monga mwa nthawi zonse, manja pamodzi, ali pafupi ndi chitseko. Anasamba, tinadya, kunja kukadali kowala. Mbale zitachotsedwa anapukuta tebulo kawiri, anayala nsalu yakuda, anabweretsa kachitsulo kake ndi galasi lokuza zinthu. Ine ndinkafuna kunyamuka, koma anauza mkazi wake:

"Auzeni bambo asachoke. Ichi n'chofunika achione, n'cha mbiri yathu."

"Ababa, akuti mukhale," anatero mwana wanga, osandiyang'ana. Kenako anafulumira kunena za madzi ndi kampope, ndi zoti ine ndinatsegula envulopu kuti iume.

"Anachita bwino," anatero mkamwini. "Madzi pang'ono si kanthu. Timapepala iti tinawoloka mitsinje."

Anali wokondwa ngati mwana. Asanatsegule anayamba kufotokoza, maso ali pa mkazi wake koma mawu akubwera kwa ine. Anati Ajeremani atathamangitsidwa m'matauni awo, ndalama zolipirira asilikali zinawathera, ndiye ankadinda zawo m'tchire momwemo, pa pepala lililonse limene alipeza, ndi zidindo za labala. Anati anthu a kwathu ambiri anafera m'njira zimenezo atasenza katundu wa eni nkhondo, ndipo palibe amene analemba maina awo.

"Ena amafuna zatsopano, zosagwidwapo," anatero. "Ine ndinasankha iyi dala chifukwa cha mopindidwa mwake. Ndinaona pa chithunzi. Inayenda m'thumba la munthu, mwina mu mpango wa wamtengatenga. Mizere imeneyo ndiyo ndagula."

Ndinkadziwa mapewa a munthu mmodzi wotere, ndinkadziwa fungo la kachitini kake, ndipo sindikanatha kunena.

Anasolola kapepalako ndi kachitsulo. Anakatembenuza, anakaika pansi pa galasi, anakapendeketsa kuti kuwala kwa pawindo kugwerepo. Kenako anakafikitsa pamphuno.

"Awa si madzi," anatero.

"Envulopu inali chonyowa, ndinaiona ndekha," anatero mwana wanga.

"Madzi sawalitsa pepala. Madzi sachotsa mizere. Iyi aisita."

Kunja mbalame zakuda za kuno zinkalira ngati ana.

"Mayi uja," anatero mkamwini, akuika kachitsulo pansi pang'onopang'ono. "Wajambula chithunzi ili bwinobwino, kenako waona kuti ndi yakuda, waisita kuti ioneke yokongola. Kapena ndi mwana wake. Anthu osadziwa amachita zimenezi."

"Mayi wake uti?" anafunsa mwana wanga.

Anafotokoza kuti anagula pa intaneti kwa mayi wina wachizungu wokalamba wa m'tauni ina kumwera. Mwamuna wake ndiye ankasonkhanitsa, anamwalira, ndipo mayiyo akugulitsa pang'onopang'ono kuti apeze polowera ku nyumba yosamalira okalamba. Ndinayang'ana mwana wanga. Anthu otere ndi amene amawasambitsa tsiku ndi tsiku.

"Mwina sanadziwe," anatero motsitsa.

"Kusadziwa ndikumva. Koma atawononga bwanji osanena? Wangotseka mu envulopu ngati palibe chachitika. Chimene chikundiwawa n'chimenecho. Mawa masana tili ndi msonkhano, ndikawaonetsa anzanga onse. Ena awiri amafuna kugula kwa iye. Ndipo ndilemba pa intaneti pomwepo kuti anthu adziwe. Sagulitsanso kanthu."

Kenako anachita chinthu chimene sindinachiyembekeze. Anakankhira nsalu yakuda ija mbali yanga, n'kunena kwa mkazi wake:

"Tili ndi katswiri m'nyumba muno. Afunseni bambo. Iwo nsalu akangoiona amadziwa chimene chadutsapo. Kodi iyi si nsimbi?"

Mwana wanga sanabwereze funsolo. Panalibe chifukwa. Ndinawerama ngati ndikuyang'anitsitsa, ngakhale kuti banga lililonse pamenepo ndinkalidziwa. Sindikudziwa ngati mkamwini ankandiyesa kapena ankangondipatsa ulemu. Mpaka lero sindinamufunse. Nkhope yake inali yoyang'ana pansi monga mwa masiku onse.

"Ndi nsimbi," ndinatero.

"Mwamva?" anatero kwa mkazi wake. "Ya nthunzi kapena youma?"

"Ya nthunzi."

"Basi. Zikomo, bambo."

Anakalowetsa m'kathumba ka pulasitiki, anapinda nsalu yake, n'kupita kuchipinda. Mwana wanga anatsegula mpope wa mu sinki mwamphamvu, ngakhale mbale zinali zotsukatsuka. Ndinaima pambali pake.

"Mwananga, mayi uja."

"Ndamva, ababa. Ndinali pomwepo."

"Sanalakwe."

"Ndikudziwa. Ndilankhula nawo mtima ukatsika, mwina sangalembe. Mayiyo sitimudziwa, ali kutali. Inu muli pano. Mukufuna mukakhale ndi ndani ku Malawi?"

Ndinapita kuchipinda kwanga. Chimene chinkabwerera m'mutu si nkhope ya mayi wachizunguyo, poti sindinamuonepo. Anali mawu anga omwe, ndi nsimbi, ya nthunzi. Kale lija ndinangokhala chete. Ulendo uno ndinachita kuikirapo umboni.

Vuto linali njira. Kwathu munthu sapita kwa mpongozi wake chimanjamanja n'kuyamba kulankhula za mlandu ngati akukamba za mpira. Pamafunika wina woimira pakati, wamkulu wodziwa kuyala mawu. Pamafunikanso nkhuku. Wolakwa amabwera nayo, amaiika pansi, ndipo asanatsegule pakamwa aliyense amadziwa kuti wabwera kudzavomera, sanabwere kudzakangana. Woimira pakati ndinalibe. Ankhoswe a banjali ali ku Dedza ndi ku Zomba. Mwana wanga anali atakana kale. Akuluakulu a kutchalitchi kwathu kuno ndi ana ang'onoang'ono, mainjiniya, ndipo nkhani ikanafika kwa akazi awo dzuwa lisanalowe. Chotsala chimene ndikanatha kuchipeza chinali nkhuku.

M'mawa ndinavala jekete ndi chipewa, ndinatenga kakhadi kanga ka basi. Mwana wanga anali asanadzuke. Ulendo wa ku Mirrabooka, kumene timagula zakudya za kwathu, ndi wautali kwa munthu wopanda galimoto, umafuna kusintha pakati pa tauni, ndipo ndinali ndisanaupitepo ndekha. Ndinakhala pafupi ndi dalaivala, n'kumawerenga zikwangwani chilembo ndi chilembo, kuopa kupitirira. Ndinkaopa kuti mwina mkamwini wadzuka kale, walemba kale.

Sitolo ya zakudya za kwathu imene timagulako ufa ndi ya mayi wina wa ku Chipata. Ankangotsegula kumene.

"Atate, lelo muli mweka? Ana anu ali kuti?"

"Ali kunyumba, mayi. Ndikufuna nkhuku yamoyo."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Yamoyo? Muganiza muli pa msika wa ku Zomba? Mukwele nayo basi ya azungu, izilila kokoliko? Azakutsitsani pa sitopu yoyamba."

"Ndiye imene ilipo. Koma yathunthu, osati zidutswa."

Anatsegula firiji yaikulu n'kutulutsa nkhuku youma ngati mwala.

"Iyi ni yolimba, monga ya kumunzi. Ifuna moto wautali. Muli na alendo?"

"Ndili ndi mlandu."

Anandiyang'ana, kuseka kunatha. Sanafunse kuti ndi wa chiyani. Anaikulunga m'majumbo awiri, anamanga bwino, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Muyende bwino, atate."

M'basi yobwerera inandizizira pa maondo mpaka miyendo inachita dzanzi, madzi ake akudontha pa buluku. Ndinayesa kukonza mawu oti ndikanene, koma aliwonse ankayamba ndi madzi a pa kapinga, ndipo ndinkawataya.

Nditafika, mwana wanga anali kukhitchini. Anaona jumbo, anaona jekete, anazindikira.

"Ababa, musatero. Dikirani sabata imodzi yokha."

"Ali kuti?"

"Ababa."

"Ndipatse mbale yaikulu, mwananga."

Anaima kanthawi, manja ali m'chiuno, maso atadzaza misozi. Kenako anatsegula kabati, anatulutsa mbale ya alendo, anaipukuta ndi nsalu, n'kundilozera kuseri ndi mutu.

Mkamwini anali pakhonde lakuseri, kompyuta ili pamiyendo, kathumba ka pulasitiki kaja kali pambali pa kapu ya tiyi. Ankalemba. Ndinamasula majumbo, ndinaika nkhuku m'mbale, ndinainyamula ndi manja awiri mpaka pamene anali, n'kuitula pansi pafupi ndi mapazi ake. Anayamba kudzuka kuti andipatse mpando, koma ndinakana ndi dzanja. Ndinavula chipewa. Maondo anavuta, ndinachita kugwirira mzati, koma ndinafika pansi ndi kukhala pa simenti. Ndinaomba m'manja, n'kudikira kuti atseke kompyutayo.